Atachimenti ndinaisaka ku Lilongwe koma ndinaipeza kuseri kwa nyumba yathu ku Mulanje

Mwezi uno wokha ana atatu a chaka chachitatu ku koleji andiimbira foni ndipo funso lake ndi limodzimodzi, achemwali inuyo atachimenti munaipeza bwanji, ife makalata tatumiza koma kuli zii. Atachimenti ndi ija wophunzira amakaphunzira ntchito pa ofesi ina kwa kanthawi asanamalize sukulu. Nde ndati bola ndingolemba zonse kamodzi, zokoma ndi zowawa zomwe, mwina wina sataya miyezi ngati mmene ndinatayira ine.

Ine kwathu ndi konkuno ku Mulanje, mudzi wathu uli mmunsi mwa Chambe, nsonga ina ya phiri la Mulanje, moti ukatuluka mnyumba mmawa choyamba kuona ndi thanthwe lija. Ndinapita ku Bunda kukaphunzira zachilengedwe, ndipo nthawi ya atachimenti itakwana mu 2022 tonse mkalasi maso anali ku Lilongwe, ena mtima uli ku Majete ndi ku Liwonde, aliyense akufuna malo odziwika komanso oti mwina kuli kangachepe kumapeto kwa mwezi. Phiri lakwathu sindinaliganizireko olo pang'ono. Ndinatumiza maimelo 14 kumaofesi osiyanasiyana, CV yomweyo, kalata yomweyo, kumangosintha dzina la ofesi pamwamba basi. Anayankha awiri, onse kunena kuti malo adzadza. Pano poti nane ndimakhala muofesi ndikumvetsa, imelo ya munthu osamudziwa imakwiririka ndi zambirimbiri ndipo kalata yoti walembera aliyense imaoneka ndithu kuti walembera aliyense.

Ndinabwerera kumudzi ndi kalata ya kusukulu mu envulopu, ndikumathandiza mayi kugulitsa nanazi pa Chitakale, anzanga akuika zithunzi pa WhatsApp ali mmaofesi. Tsiku lina madzulo amalume anabwera kudzationa, anamva nkhani yonse ali chete kenako anati, mwanawe, ukukafuna ntchito ya mitengo ku Lilongwe, nanga mitengo ili kuseri kwa nyumbayi waisiyira ndani?

Apa ndinene chinthu chomwe ndinkabisa zaka zonse ndili ku koleji. Amalume angawa anali ocheka matabwa paphiri. Zaka zambiri ankakwera ndi sowo, kugona komweko mmapanga sabata yathunthu, kucheka mkungudza, womwe kwathu timangoti sida, nkutsika ndi thabwa pamutu usiku kuzemba a folesiti. Fizi yanga ya fomu 1 ndi fomu 2 inachokera mmatabwa amenewo. Nde mkalasi aphunzitsi akamakamba za anthu owononga phiri la Mulanje ine ndinkangoweramira mkope, chifukwa anthu owonongawo ndinkawadziwa maina, ena ndinkadya nawo mbale imodzi.

Mmawa mwake ndinavala bwinobwino nkupita ndekha ku ofesi ina ya anthu osamalira phirili. Ulendo woyamba anati abwana ali ku fildi. Wachiwiri chimodzimodzi. Pa ulendo wachitatu ndinafika 7 koloko isanakwane, ndinawapeza akukweza katundu mgalimoto, ndipo apa mpomwe ndinaphunzira kuti anthu a ntchito imeneyi sungawapeze 10 koloko pa desiki, ukawafuna uwalawirire. Anawerenga kalata yanga ataimirira, GPA yanga sanaifunse nkomwe. Anangofunsa zinthu ziwiri, kodi ungathe kukwera phiri, komanso kodi ungayankhule ndi anthu akumudzi. Ndinati eya zonse. Anandiuza mosabisa kuti ndalama yolipira ophunzira palibe, chomwe angathe nkundinyamula pagalimoto popita ku fildi ndi chakudya tikagona kuphiri. Poti ndinkagona kwa mayi ndinavomera pompo. Ichi nchifukwa chake ndimauza aliyense kuti yambani mwayang'ana kwanu kapena komwe kuli mbale wanu, chifukwa atachimenti yambiri mgawo lathuli ilibe malipiro, ndipo lendi ya mtauni ndi thiransipoti ya tsiku ndi tsiku ndi zomwe zinabweza anzanga ena pakati panjira.

Masabata awiri oyamba ndinali ku nazale. Kusefa dothi, kusakaniza ndi mchenga, kuthira mmachubu, kuthirira ndi kheni mmawa ndi madzulo, kuzula udzu, kudula mizu yotulukira pansi pa chubu. Amene ankandiphunzitsa anali amayi a mmudzi omwe ena sanafike sitandade 8, koma mbande yodwala ankaizindikira ali patali pomwe ine ndi manotsi anga onse sindinkaona kusiyana. Ngati mukupita ku atachimenti ndi maganizo oti khasu ndi wilibala si za munthu wa digiri, gawo ili likuvutani.

Kenako mu Julaye tinakwera ku Chambe kukalambula mizere yotchinga moto. Kuchokera pa Likhubula ndi maola atatu kapena anayi kutengera miyendo yako, ndipo kuzizira kwa kumeneko nkwina, chiperoni chikabwera nkhungu imatseka moti munthu ali pafupi umangomumva mawu. Ndinapita ndi nsapato wamba ndi juzi imodzi, zala zinachita dzanzi usiku onse. Gulani jombo olo zakaunjika, juzi ziwiri, chovala cha mvula ndi tochi, musadikire kuti akupatsani.

Kumtunda kuja nkomwe nkhani ya mkungudza inandilowa mumtima. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera paphiri la Mulanje pokha dziko lonse lapansi, ndi mtengo wa fuko lathu, thabwa lake limanunkhira ndipo chiswe sichiligwira, nchifukwa chake anthu ankalifuna chonchija. Nkhalango ya phirili inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa kale mu 1927, UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo osungira zachilengedwe mu 2000, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza 7 yokha. Mkalasi nambala imeneyi ndinailoweza kuti ndikhoze mayeso. Koma kuima pakati pa zitsa zikuluzikulu, zina zoti anthu atatu simungazikumbatire, utuchi wake ukununkhirabe, nkumadziwa kuti zina mwa izo anadula ndi amalume ako kuti iwe upite kusukulu, ndinakhala pansi ndinalira. Ndipo mdani wa mbande zomwe zikubzalidwa pano si nkhwangwa ayi, ndi moto wa miyezi yotentha, ambiri amayatsa ndi osaka nyama, komanso paini yemwe anabzalidwa kalekale nkumadzimerera yekha paliponse. Nde ntchito yambiri kumtunda ndi yolimbana ndi moto ndi kuzula zomera zachilendo, kubzalako ndi gawo lochepa chabe.

Chomwe chinandisintha kwenikweni ndi msonkhano wa mmudzi wina mbali ya Thuchila. Tinapita kukakumana ndi komiti yoona zachilengedwe ya mmudzimo pa nkhani ya makala, ndipo supavaiza wanga anati lero uyankhula ndiwe. Ndinakonzekera usiku onse. Ndinaimirira nkufotokoza za kusintha kwa nyengo, za kukokoloka kwa nthaka, za lamulo la nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwera. Anthu anangoti duu. Nditamaliza gogo wina anakweza dzanja nati, mwana wanga wayankhula bwino, koma munda wanga ndi kachigawo aka, uku tiyi wa esiteti uku nkhalango ya boma, ndili ndi zidzukulu zinayi, tikasiya makalawo mawa tidya chani? Ndinalibe yankho. Zonse zomwe ndinanena zinali zoona koma panalibe olo chimodzi chomwe gogoyo sankachidziwa kale.

Madzulo ndinawafotokozera amalume. Anati vuto lako unapita kukawauza, sunapite kukawafunsa. Anandikhazika pansi mpaka usiku kundifotokozera mmene malonda amenewa amayendera, amene amadula, amene amanyamula, amene amagula nkukagulitsa ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo amene amapeza zochepa kuposa onse ndi uja amagona kuphiri. Anandiuza miyezi yomwe anthu amakwera kwambiri, nthawi ya fizi ndi miyezi ya njala Januwale ndi Febuluwale, zinthu zomwe sindinaziwerengepo mbuku lililonse. Ulendo wotsatira ndinapempha a mfumu kuti ndingokhala ndi amayi pansi pa mtengo, sindinatenge pepala, ndinayamba ndi kunena kuti ine ndine mwana wa uje, amalume anga ndi aja ankacheka ku Chambe. Nkhope zinasintha nthawi yomweyo. Tsiku limenelo anandiuza chifukwa chomwe ming'oma ya njuchi yomwe analandira inangokhala osagwira ntchito, chifukwa chomwe mbaula za chitetezo ena anazisiya, ndi malo omwe iwo eni ankafuna kuti pabzalidwe mitengo ya nkhuni. Supavaiza wanga atawerenga lipoti lake anati izi takhala tikuzifuna kwa nthawi yaitali. Chinthu chomwe ndinkachita nacho manyazi ku koleji ndi chomwe chinanditsegulira pakamwa pa anthu.

Nde inu ochokera kumudzi, amene makolo anu amaotcha makala, amathyola tiyi, amapha nsomba kapena amalima mphepete mwa mtsinje, musadzione otsika pamaso pa anzanu oyankhula chizungu chosalala. Ntchito yosamalira chilengedwe kuno kwathu yambiri ndi yokambirana ndi anthu ovutika omwe nkhalango ndi nkhokwe yawo yomaliza, ndipo amene amadziwa moyo umenewo mkati mwake ndi osowa mmaofesimu. Ngati mumamva Chilomwe kapena Chiyao chilembeni pa CV.

Chachiwiri chomwe chinandipindulira ndi data. Muofesi muja munali mafomu a nazale ambirimbiri mmafayilo osalowetsedwa mu kompyuta, palibe anali ndi nthawi. Ndinapempha ndekha kuti ndizilowetsa mu Excel masana tikaweruka ku fildi. Kenako ndinadziphunzitsa KoboCollect, pulogalamu yotolera data pa foni, pa YouTube, bandulo ya usiku, ndi QGIS pang'ono yongokwanira kutenga mapointi a GPS nkutulutsa mapu oonetsa pomwe tabzala ndi pomwe papsa. KoboCollect ndi QGIS ndi zaulere, chofunika ndi foni ndi laputopu olo yobwereka. Anthu ambiri omaliza digiri amadziwa kufotokoza chilengedwe koma ukawapatsa mafomu 200 kuti akonze bwinobwino popanda zolakwika amasowa poyambira, ndipo apa mpomwe pali ganyu.

Ndalama yanga yoyamba mgawo limeneli inabwera mnjira yomwe sindikanaifuna. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, napolo anatsika mmapiri ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba, kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre, anthu mazanamazana anapita ena mpaka lero sanapezeke. Patapita masabata angapo bungwe lina lothandiza anthu linkafuna achinyamata odziwa Kobo komanso odziwa midzi kuti akachite kalembera wa zoonongeka. Ntchitoyo sinalengezedwe paliponse, anangoimbira maofesi omwe amawadziwa kufunsa ngati ali ndi ana odalirika, supavaiza wanga uja anapereka dzina langa. Masiku 10 tikuyenda wapansi poti milatho inali itakokoloka, kufunsa anthu mmakampu zomwe ataya. Sindikufuna kukamba zambiri za masiku amenewo. Chomwe ndikufuna mumve nchoti ntchito zing'onozing'ono zambiri zimayenda choncho, pa foni, kuchokera kwa munthu amene anakuonapo ukugwira ntchito.

Za komwe mungagogode, kuno kummwera malo alipo ambiri kuposa mmene timaganizira tili kusukulu. Ofesi ya zankhalango ili m'boma lililonse, ndipo ku khonsolo kuli ofesi yoona zachilengedwe. Pa Mulanje pali Mulanje Mountain Conservation Trust yomwe ntchito yake ndi phiri lomweli. Ku Bondo kuli magetsi a mphamvu ya madzi a mtsinje wa Lichenya oyendetsedwa ndi kampani ya MEGA, kwa inu okonda za mphamvu ndi kusamalira magwero a madzi. Pa Mimosa pali Tea Research Foundation, ku Thyolo kuli malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, ndipo yunivesite ya MUST ili pa Ndata ku Thyolo komweko, aphunzitsi ochita kafukufuku nthawi zina amafuna owathandiza ku fildi. Ku Zomba kuli FRIM, malo a kafukufuku wa zankhalango, ndi National Herbarium kwa okonda mbewu za mitengo ndi zomera. WESM, bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe, ili ndi makalabu a zachilengedwe mmasukulu, mutha kuyamba kudzipereka kumeneko muli chaka choyamba. Palinso makampani a ma consultant omwe amalemba malipoti a ESIA, chifukwa pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017 chitukuko chachikulu chisanayambe pamafunika kuunika mmene chikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndi amene amaona zimenezo. Amenewa amafuna anthu a kalembera pafupipafupi. Mukamaliza sukulu musaiwale pulogalamu ya boma ya intanishipu ya omaliza maphunziro yomwe inayamba mu 2018 kudzera ku unduna wa zantchito, muzitchera khutu akalengeza.

Koma komwe anthu ambiri saganizako ndi maesiteti a tiyi, ndipo nkomwe ndili ine pano. Timangoona ngati kumeneko ndi kothyola tiyi basi. Makampani ogulitsa tiyi kunja amafuna satifiketi ngati ya Rainforest Alliance, ndipo kuti aipeze ndi kuisunga pamabwera ma audit oona mmene akusamalira mitsinje, nkhalango zachilengedwe zotsala mmaesitetimo, kasungidwe ka mankhwala, zinyalala, madzi otuluka mfakitale, ngakhalenso minda ya bulugamu yomwe nkhuni zake amaumitsira tiyi. Pamafunika munthu wosunga marekodi onsewo ndi kuyenda kukaona. Alimi ang'onoang'ono a tiyi nawonso kudzera mmabungwe awo amafunika zomwezo. Ine ndinalowa pa kontirakiti ya chaka chimodzi pa esiteti ina ku Thyolo, ndipo pa intavyu funso lomwe anakhalitsapo linali lakuti ukapeza mayi akutola nkhuni mnkhalango ya esiteti uchita chani. Ndinayankha za gogo uja wa ku Thuchila.

Nthawi yopempha malo nayonso ndi yofunika. Nyengo yobzala mitengo mdziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, kutanthauza kuti nazale zimakhala pa chintchito miyezi ingapo mmbuyo mwake, ndipo ntchito yoteteza moto imachitika dzinja likangotha udzu usanaumitsitse. Mukapita nthawi zimenezi manja amakhala akusowa ndipo nkovuta kuti akubwezeni. Pitani miyezi iwiri kapena itatu atachimenti isanayambe, osati sabata yomaliza. Kalata yanu inene chomwe mukudziwa za ntchito ya ofesi imeneyo ndi chomwe mungathandize, tsamba limodzi lakwana.

Tsopano zowawa. Nditamaliza sukulu ndisanapeze ntchito ndinaona uthenga ukuzungulira pa WhatsApp, akufuna ma field officer a pulojekiti ya mitengo, logo yake yooneka bwino, malipiro okopa. Ndinatumiza CV, mawa lake foni, mwasankhidwa koma tumizani K25,000 ya fomu ya chipatala ndi yunifomu lero lomwe. Mayi anachotsa pa mpamba wa nanazi. Nditangotumiza nambala ija inazima mpaka lero. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinkadziwa mmene ndalama imeneyo inapezekera. Olemba ntchito enieni sapempha ndalama, kaya ya fomu, kaya ya intavyu, kaya ya maphunziro. Mukakaikira pitani ku ofesi yomwe yatchulidwayo mukafunse pa geti.

Kwa atsikana anzanga palinso china. Bambo wina wa ofesi ina yomwe ndinasiyako kalata anayamba kundiimbira usiku, akuti malo alipo koma tikakambirane ku loji Loweruka. Ndinakana ndipo malowo sindinawapeze. Panthawiyo ndinkaona ngati ndataya mwayi, ndinasowa tulo masiku angapo. Nkhani ya ntchito imakambidwa muofesi nthawi ya ntchito. Zikakuchitikirani sungani mauthengawo, uzani aphunzitsi oyang'anira atachimenti kusukulu kwanu kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, musazisenze nokha. Ndipo mukamapita kukagona ku fildi funsani kuti mukupita ndi ndani, mukagona pati, ndipo kunyumba adziwe.

Musanachoke pamalo pomwe mwachita atachimenti onetsetsani kuti logibuku yasainidwa sabata iliyonse osati kuunjika kumapeto, ndipo pemphani kalata ya umboni mukadali pompo, yonena zomwe munagwira mwatchutchutchu, kuti munalowetsa data, munapanga mapu, munatsogolera misonkhano ingati. Mabwana amasamuka, mapulojekiti amatha, mukadzabwera patatha chaka mudzapeza nkhope zachilendo. Siyaninso kope ya lipoti lanu muofesimo. Ndipo muziwapatsa moni apo ndi apo anthu munagwira nawo ntchito, kuphatikizapo madalaivala, alonda a nkhalango, magaidi ndi mapota, iwowa amamva za pulojekiti yatsopano msanga kuposa wina aliyense.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Ntchito zambiri ndi za kontirakiti, miyezi 6, chaka, ndalama za opereka thandizo zikatha nanunso mwatha, ndipo anzanga ena a mkalasi mpaka pano akugulitsa kaunjika ndi digiri yawo mchikwama. Nanenso kontirakiti yanga sindikudziwa ngati aiwonjezere. Mu Julaye 2025 phiri lathuli linalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo ndikuyembekeza kuti zibweretsa ntchito zina za kafukufuku ndi zokopa alendo, nde ana a konkuno tikonzekeretu tisadzangoonerera anthu ochokera kutali akuzigwira.

Disembala wa 2022 ndili pa holide ndinabwerera kukathandiza kubzala, ndipo amalume anapita nawo ngati onyamula mbande, dengu pamutu njira yomwe ija ankatsikira ndi matabwa. Pa kachigawo komwe tinabzala ife awiri tinaikapo mbande 60 ndipo ndinazilemba zonse pa GPS. Chaka chatha titakawerenga tinapeza zamoyo 23, zina zinapsa zina zinangouma, yaitali kwambiri inkandifika mchiuno. Disembala akubwerayu tikukweranso kukawerenga ndi kubwezeretsa zomwe zinafa. Awiri mwa ana anandiimbira aja ati abwera nawo, ndawauza za jombo ndi majuzi. Tidzanyamuka pa Likhubula 5 koloko mmawa ndipo tidzadzera njira ya Chapaluka, poti bondo la amalume silikuwalolanso kukwera ya Skyline.